Zingwe za M'chitini cha Abambo Anga

1

Ndiyambe ndi chilungamo: abambo anga si munthu woti mkazi angatembenuke kuti awaonenso kachiwiri. Ndimawakonda, koma Che Jaffalie ndi aafupi, dazi lawo limanyezimira ngati mbale yotsuka kumene, ndipo ngakhale akhala m'mbali mwa madzi kuyambira ine ndisanabadwe, akangoponda m'bwato amayamba kusanza. Kwawo ndi ku Chowe, kumapiri. Anatsika kudzakwatira amayi anga kuno kwa Mponda, madzi n'kuwakana, basi anaphunzira kusoka maukonde. Singano ya ukondeyo ndi imene yatilera.

Ine ndine Rahma, mwana wawo wachisamba. Chaka chathachi ndinali pa chitomero ndi Hafiz, mnyamata wokonza injini za maboti, wa maso ofatsa ngati a mwana wa ng'ombe. Ndinkalota za ukwati wathu ngakhale ndikukwecha mapoto. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chimodzi chokha, thupi langa. Ndine woonda, ndipo kusukulu ankanditcha Usipa. Potuluka panyumba ndinkavala masiketi awiri m'kati, pamwamba n'kukulunga zitenje ziwiri, ndi kutentha konse kwa ku Mangochi kuno. Hafiz ankadziwa Rahma wa zitenje ziwiri. Tsiku loti adzakumane ndi Rahma weniweni ndinkaliopa kuposa ng'ona.

Amayi anga, Abiti Amidu, vuto lawo linali la mbali inayo. Ndi mayi wathupi, woti akaima pakhomo m'nyumba mumada. Ku zikwati ankakhala kuseri kwa mapoto, ndipo kalilole wa m'chipinda mwawo anamutembenuzira kukhoma kalekale. Posachedwapa anali atayamba kupita kwa Safia, telala amene anabwerera kuchokera ku Joni, ati kukaphunzira kusoka. Miyezi inapita, ndipo chimene anabwera nacho kunyumba chinali kapilo kamodzi kokhota.

Tsiku lina m'mawa amayi anandituma kukatenga sizasi m'kashedi ka abambo. Ndikufufuza pansi pa mulu wa maukonde akale, phazi langa linagunda chitini cha bisiketi. Chinalira kuti tseketseke.

Ndinatsegula.

M'katimo munali zingwe za thwaini ya ukonde, zoposa khumi, chilichonse chili ndi mfundo chakumapeto ndi kaulusi ka mtundu wakewake. China chinali chachitali kwambiri, cha ulusi wofiira. Kena kanali kakafupi zedi, ka ulusi woyera. Pansi pake panali lamba wolukidwa ngati ukonde wa maso ang'onoang'ono, akulendewera tizigoba ta nkhono ndi tizitsekerero ta mabotolo tosulidwa bwino mpaka kuwala. Chibadwire ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero.

Inu akutali mwina simukuona chimene chinandidzidzimutsa. M'mudzi mwathu mkazi akafuna mikanda ya m'chiuno sapita kukaonetsa chiuno kwa wotunga mikanda. Amadziyeza yekha ndi kachingwe, amamanga mfundo, n'kutumiza kachingweko mobisa. Ndiye mwamuna akapezeka ndi chingwe cha mkazi, palibenso chofunsa. Wafika pamene alendo safika.

Ndinayala lambayo pansi n'kuyamba kumuyerekeza ndi zingwezo. Analingana ndendende ndi kachingwe koyera kaja.

"Asitafurulai," ndinanong'ona, kupempha chikhululukiro kwa Mulungu.

Abambo anga, osanza m'bwato aja, anali ndi akazi oposa khumi. Ndipo kapamtima kwambiri, kolukiridwa lamba, kanali kamtsikana koonda ngati bango. Ine mwana wawo anali asanandigulirepo ngakhale ndolo.

2

Munthu wanzeru akanafunsa. Koma ine zinsinsi ndimazikonda kuposa chambo chowotcha, choncho ndinapinda zingwezo, ndinazibisa m'kachikwama kanga, n'kusanduka wapolisi.

Nzeru yanga inali yoti chingwe sichinama. Ndikapeza chiuno cholingana nacho, ndagwira wakuba. Vuto linali lakuti sungaimitse mkazi wa eni pamsewu n'kumuuza kuti, "Pepani amayi, ndiyezeko." Ndiye ndinayamba kukonda anthu. Mlungu umenewo ndinakumbatira azimayi ambiri kuposa moyo wanga wonse. Kumjigo, kumsika, kudoko pogula nsomba, ndinkangoti, "Ee, amayi, masiku osaonana!" manja n'kuzungulira m'chiuno, chingwe chili m'chikhatho.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandikankha ndi chigongono.

"Iwe mwana wa Che Jaffalie, si dzulo lomweli tinaonana? Ngati ukufuna chitumbuwa chaulere ungonena, usandithyole nthiti."

Wina anakauza amayi kuti, "Mwana wanu chikondi chamufika m'mutu, wayamba kukumbatira ndi ife tomwe. Mufulumizitseni ukwati."

Kachingwe koyera ndi kamene kankandiwawa kwambiri. Atsikana onse oonda a kwa Mponda ndinawayeza, ngakhale wina amene anangobwera kudzazonda odwala. Onse anali ndi kanyama kuposa kachingweko.

Lachisanu masana ndinapita kwa mayi a Hafiz, Abiti Sameer, kukawathandiza ntchito monga mtsikana wofuna kuoneka bwino kuchipongozi. Iwowo ndi mayi aulemu wawo, osaseka wamba. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga, ndipo ndikulumbira, chiuno chawo chinkayenda chokha. Lichero likapita kumanja, icho kumanzere. Atandiona anaima chilili ngati msilikali.

"Rahma, bwera undimangire chitenjechi, chikumasuka. Manja anga ali ndi mankhusu."

Ndinasolola chingwe chimene chinali pamwamba, cha ulusi wobiriwira, n'kuchizunguliza mofulumira. Mfundo inakumana ndi nsonga yake pa mchombo penipeni.

"Ukunditani, mwana iwe?"

"Nyerere, amayi. Panali nyerere."

"Nyerere amaigwira ndi chingwe?"

Ndinaliyatsa liwiro, silipasi imodzi n'kutsala pakhonde pawo.

3

M'mawa mwake Hafiz anabwera kwathu ndi silipasi yanga m'manja. Tinaima kuseri kwa thandala loyanikira nsomba.

"Amayi akuti unawamanga ngati mbuzi yopita kumsika."

Ine misozi inali kale m'masaya. "Hafiz, ukwati wathu wafa."

"Wafa? Dzana lomweli unkasankha mtundu wa makatani. Unadwala liti?"

"Usaseke. Mwina iwe ndi ine ndife pachibale."

Ndinamufotokozera zonse, za chitini, za zingwe, za mfundo imene inakumana pa mchombo wa mayi ake. Anandimvetsera maso ali tong'o. Kenaka anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pansi mumchenga.

"Che Jaffalie? Ndi amayi anga? Amayi amene ngakhale abakha amawapatukira?"

"Ndiye ukutanthauza kuti abambo anga sangakondedwe?"

"Si iwe wanena kuti ndi mlandu?"

"Ndi mlandu, koma usawanyoze!"

Kuseka kwakeko ndi kumene kunandituma kwa amalume. Che Ahmad ndi mchimwene wa amayi, mwini mbumba, komanso nkhoswe ya ukwati wa makolo anga. Ali ndi maboti awiri ndi mawu omveka tsidya lina la Shire, ndipo sanagwirizanepo ndi zoti mlongo wawo akwatiwe ndi munthu wa kumapiri. Nditayala zingwezo patsogolo pawo, nkhope yawo inawala ngati ya msodzi amene ukonde wake wadzaza.

"Ndinanena ine! Munthu akafatsa kwambiri pamakhala chifukwa. Mawa m'mawa tikumane pakhomo panu. Umuuze bambo wakoyo aitane nkhoswe yake ku Chowe, ndipo ibwere ndi thumba lonyamulira katundu."

Nditafika kunyumba ndinauza amayi zimene ndachita. Ndinkayembekeza kuti akomoka, kapena aswa mbale ziwiri zitatu. Iwo anangokhala pansi pamene anaimapo.

"Rahma, wachita chiyani?" Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana.

"Ndakupulumutsani, amayi."

Analowa m'chipinda n'kudzitsekera. Ine ndinati chimenecho ndi chisoni cha mkazi wonyengedwa, ndipo mumtima ndinadziwombera m'manja.

4

Mphasa zinayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Mlanduwo unayenera kukhala wa pabanja, koma pamwamba pa mpanda panandandalika mitu ngati mavwende pamsika. Nkhoswe ya abambo, kamdala kochokera ku Chowe, kanafika katatopa ndi njinga, ndipo kasanamalize moni kanayamba kusinza. Hafiz anabwera ndi mayi ake, iwo nkhope ili gwa. Kuseri kwa mpanda ndinaonanso Safia telala uja ndi azimayi ena angapo, onse maso ali pansi.

Amalume anayanika zingwe pamphasa chimodzichimodzi.

"Alamu, zingwezi mukuzidziwa?"

"Ndikuzidziwa."

"Ndi za ukonde?"

"Thwaini yake ndi ya ukonde."

"Sindinafunse za thwaini. Ndi miyeso ya m'chiuno mwa akazi, eya kapena ayi?"

Abambo anapukuta dazi ndi chikhatho. "Eya."

Ku mpanda kunamveka "Iii!" wautali, woyambira kwa agogo mpaka kwa ana.

"Akazi ake ati?"

"Sindinena."

"Chifukwa?"

"Ndinalonjeza."

"Mwamva anthuni? Analonjeza! Kwa mlongo wanga analonjezanso pamaso pa Shehe, koma lero lolemera ndi lonjezo la m'chitini!"

Ndinayang'ana amayi. Anakhala kumapeto kwa mphasa atadzifunda mpango mpaka m'maso, akukumba dothi ndi chala. Abambo anawayang'ana kamodzi kokha, n'kubweza maso.

Apa amalume anali atatenthedwa. Ananyamula chingwe chachitali chija, cha ulusi wofiira, n'kuchitambasula pakati pa manja awo ngati akuonetsa kukula kwa kampango amene anawapulumuka.

"Komatu alamu, kusankha simudziwa. Apa munayeza mkazi kapena mlambe? Ameneyu pomukumbatira mumaitana anzanu okuthandizani?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwirira mpanda. Inenso ndinaseka nawo, Mulungu andikhululukire.

Abambo anaimirira. Ndinali ndisanawaonepo atakwiya, ndipo ngakhale ataimirira anangofika m'phewa mwa amalume.

"Chingwe chimenecho muchiike pansi."

"Ohoo! Takhudza pabala. Ndiye wapamtima ameneyu?"

"Eya. Ameneyo ndi amene ndimamukonda kuposa onse. Ndipo ngati angawonjezere thupi, thwaini ilipo."

Kamdala ka ku Chowe kanadzidzimuka kutulo.

"Basi, mlandu wadziweruza wokha," anatero amalume. "Tchulani maina, apo ayi nyamulani singano zanu mubwerere kumapiri. Pano ndi pa mbumba yanga."

Abambo analowa m'nyumba, ndipo tinamva kabati ikutseguka. Anatuluka ndi kachikwama kakale kamene anabwera nako pokwatira, kamkeka kawo koswalira kali kukhwapa. Ine ndinkafuna kugwira akuba. Sindinaganizepo zoti mawa m'mawa m'kashedi simudzakhala munthu wotsokomola n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Anayenda mpaka pa chipata. Anaika dzanja pa chitseko cha bango.

"Che Jaffalie, taimani."

5

Anali amayi. Anadzuka pang'onopang'ono, anayenda mpaka pamene panali mchimwene wawo, n'kuwalanda chingwe chofiira chija. Anachizunguliza m'chiuno pamwamba pa diresi, mudzi wonse ukuona. Mfundo inakumana ndi nsonga yake.

"Mlambe uja ndi ine, achimwene."

Kenaka amayi anatembenukira kwa anthu onse.

"Kwa Safia sitisoka ayi. Kapilo kaja anasoka ndi Safia yemwe, anachita kukakhotetsa dala kuti anthu akhulupirire kuti ndine. Timavina."

"Mumavina chiyani?"

Safia anayankha ali kuseri kwa mpanda. "Gule wa mimba, Che Ahmad. Ndinaphunzira ku Joni kwa mayi wa ku Iguputo amene ndinkamugwirira ntchito. Timatseka zitseko ndi mawindo, amuna kulibe, timavina tokhatokha."

"Tsiku loyamba," amayi anapitiriza, "Safia anatulutsa malamba olira amene anabwera nawo. Wanga sanakumane, panatsala chikhatho chathunthu. Ndinabwera kunyumba ndikulira, ndinati sindidzapondakonso. Bambo awa anatenga thwaini, anandiyeza, pasanathe mlungu anandilukira lamba wangawanga. Anzanga atamuona anataya a ku Joni aja, aliyense akufuna wake. Woyeza ndinali ine, zingwe n'kubwera nazo kuno. Iwowa sanaonepo chiuno cha mkazi wa munthu, amangodziwa mitundu ya ulusi. Tinachita kuwalumbiritsa kuti za gule wathuyu asauze aliyense."

"Nanga iwe Ajira mlongo wanga, bwanji osanena dzulo? Munthu mpaka wanyamula chikwama!"

"Chifukwa cha pakamwa panupo. Munayamba kundiseka thupi ndisanagule n'komwe mano. Kuyambira dzulo ndakhala ndikuganiza kuti bola mwamuna apite, kusiyana n'kuti ndiime pano anthu aone kutalika kwa chingwe changa. Mpaka pamene amagwira chitsekocho ndimaganizabe choncho." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndiye ndaima. Onani. Mukamaliza kuona mundiuze."

Palibe amene anaseka. Abambo anachotsa dzanja pa chitseko, kachikwama n'kukaika pansi.

Amalume anakanda m'mutu pansi pa kofiya. Munthu wa maboti awiri sagonja wamba.

"Iwe Ajira kuvina? Iwe amene pa ukwati wako womwe unangokhala ngati thumba la chimanga? Ayi, ine umboni ndikuufuna."

"Muupeza. Amuna nonse tulukani kunja kwa mpanda, mutembenukire kumsewu."

"Nanga ndiona bwanji?"

"Muli ndi makutu."

6

Amuna anatuluka ngati nkhosa, azimayi n'kulowa. Woyamba kufika pamphasa anali Abiti Sameer. Anatola chingwe chobiriwira, anachigwedeza pamphuno panga.

"Nyerere ija ndi iyi."

Kenaka kunabwera Mayi Deborah, aphunzitsi a kupulayimale amene anandikwapulapo chifukwa chovina m'kalasi. Pambuyo pawo agogo ena opanda mano akutsogolo, amene ine ndinkaganiza kuti ngakhale kuwerama sangathe. Aliyense anatola chake. M'zikwama munatuluka malamba, ndipo ena anali atavala kale pansi pa madiresi, atawakulunga ndi nsalu kuti asalire panjira.

Pamphasa panatsala kamodzi. Koyera kaja.

Mtima wa upolisi unadzukanso.

"Nanga aka? Mwini wake ali kuti? Kameneka ndi kamene kanalukiridwa lamba wokongola kuposa onse! Ndayeza atsikana onse a kwa Mponda, palibe woonda chotere. Kayenera kukhala kamunthu kopanda magazi, kokhala ngati mtengo wa tsache, koti mwera ukamawomba amachita kukamangirira pa nsanamira! Ndani angakonde kanthu kotero?"

Azimayi anayang'anana. Safia analuma mlomo.

"Onse unawayeza?" anafunsa amayi.

"Onse."

"Bwera kuno. Masula chitenjecho."

"Amayi!"

"Muno muli akazi okhaokha. Masula. Chinachonso. Ndi siketi imodziyo."

Zovala zinaunjikana pa mapazi anga ngati pa benchi ya kaunjika. Agogo opanda mano aja anawomba m'manja.

"Kodi mwanayu amayenda ndi sitolo?"

Amayi anazunguliza kachingwe koyera m'chiuno mwanga. Sindinafune kuyang'ana, koma ndinamva mfundo ikukhala pa mchombo ngati yafika kwawo.

"Safia anakuyeza tsiku lija unkayesa diresi la ukwati, iwe uli kalikiliki kuthawa kalilole," anatero amayi. "Lamba uja ndi mphatso yako. Zigobazo abambo ako anatola okha m'mbali mwa madzi, chimodzichimodzi, osanyowetsa ngakhale chala cha phazi."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi analowa m'kashedi, anatuluka ndi lamba uja, n'kundimanga okha. Anali wozizira pakhungu, ndipo anandikwana ngati ndinabadwa naye.

Safia anayatsa nyimbo pafoni, ng'oma yofulumira ndi chitoliro cholira ngati chikudandaula.

"Mapazi pansi, mawondo ofewa! Mapewa asadziwe zimene chiuno chikuchita!"

Ndiye ndinawaona amayi anga. Anakweza manja m'mwamba, mimba yawo n'kuyamba kuyenda ngati funde lochokera patali, kukwera, kutsika, kukweranso. Chiuno chinagunda kumanja, chinagunda kumanzere, lamba akuyankha ngati mvula pa malata. Zonse zimene anakhala akubisa pansi pa madiresi akuluakulu zinali pa ntchito, palibe chimene chinatsala chikungoonerera. Nkhope yawo inali ya mtsikana wina amene ine sindinakumanepo naye.

"Rahma, gwedeza!" anakuwa Safia.

"Ndigwedeza chiyani? Ine ndilibe kanthu!"

"Mchombo uli nawo?" anafunsa agogo aja, iwo akuzungulira kale. "Ndiye uli ndi zonse. Ine zanga zinagwa kalekale, koma zikamva ng'oma zimadzuka."

Ndinayesa. Mapewa anagwedera, mutu unagwedera, ndikukhulupirira kuti ndi makutu omwe, koma chiuno chili phee. Abiti Sameer anabwera kumbuyo kwanga n'kundigwira m'chiuno ndi manja awiri.

"Apa, mpongozi, apa. Iwe unandimanga dzana, lero ndi ine. Kankhira kuno. Osati mutu, mutu unagwira kale ntchito yake mlungu uno, taona zotsatira."

Ndinaseka, ndipo ndikuseka choncho ndinamva kaphokoso kakang'ono pansi pa mchombo wanga. Tseke. Ndinakankhanso. Tseketseke.

Kunja kwa mpanda kunamveka mawu a amalume, amene sadziwa kunong'ona.

"Alamu, wolira kwambiriyo ndani?"

"Ameneyo ndi mkazi wanga," anayankha abambo.

"Nanga kakang'ono kakusokoneza ng'omako?"

Kenaka ndinamva Hafiz.

"Ndikuganiza kuti ameneyo ndi wanga."

7

Masana omwewo ndinakagwada pakhomo la kashedi. Abambo anali akubweza singano zawo m'malo mwake.

"Ababa, pepani. Ndinakuchititsani manyazi."

"Zingwe zanga unazisokoneza," anatero osatembenuka. Kenaka anaima, anasisita dazi, ndipo ndinaona kuti akumwetulira. "Komabe mwana wanga, oposa khumi? Ine? Chibadwire palibe anandiganizirapo zabwino chotero."

Ukwati wathu unachitika mvula itatha. Ndinavala diresi limodzi, lopanda chothandizira m'kati, ndipo Hafiz sanathawe. Pa chithunzi cha tsikulo amayi aima kutsogolo pakati penipeni, amalume akuoneka khutu lokha.

Inu owerenga, makamaka amayi ndi atsikana anzanga, nkhaniyi ndaitembenuza m'mutu kambirimbiri. Amayi anatsala pang'ono kutaya mwamuna wa moyo wawo wonse poopa kuti anthu aona kutalika kwa chingwe. Ine ndinatha mlungu wathunthu ndikutukwana kachingwe kakafupi, ndipo chimene chimandiopsa n'chakuti mawu achipongwewo sindinawafunefune. Anali kale m'kamwa, chifukwa ndi omwe ndinkadziuza m'mawa uliwonse povala. Sindikunamizani kuti manyazi amatha tsiku limodzi. Masiku ena dzanja limapitabe lokha ku chitenje chachiwiri, ndimachita kulimenya. Koma kwa Safia ndimapita, ndipo ndaphunzira kuti chiuno chachikulu chimalira mokweza, chaching'ono chimalira mofulumira, cha agogo chimachedwa kuyamba koma ng'oma sichiiphonya. Ngati muli ndi thupi limene mwakhala mukulipepesera kwa anthu, tsekani chitseko tsiku lina, liyatsireni nyimbo, muone zimene lakhala likukusungirani.

Ndipo musaganize kuti matendawa ndi a akazi okha. Mwezi wathawu ndinali m'kashedi kuseri kwa mulu wa maukonde, ndikufuna tsache, pamene amalume analowa mozemba. Anasuzumira kunja kawiri, n'kutulutsa chingwe m'thumba la mkanjo.

"Alamu, ichi ndi cha mkazi wanga. Nayenso akufuna lamba."

Abambo anatambasula chingwecho. Chinapita, chinapitabe. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana mimba ya amalume, imene imalowa mumzikiti iwo adakali pa chitsime.

"Alamu anga aja si oonda?"

"Ananenepa."

"Dzulo ndinakumana nawo kumsika."

"Ananenepa lero. Inu lukani basi. A dokotala akuti munthu azigwedeza thupi." Anatsokomola. "Ndipo mulonjeze kuti simuuza munthu."

"Ndalonjeza," anatero abambo.

Iwo analonjeza. Ine kuseri kwa maukonde kuja sindinalonjeze kanthu.